Chifuwa Chimene Anati Ndi Tsempho

Chifuwa chinandiyamba m'mwezi wa Meyi, nthawi yofukiza fodya. Ndinali nditadutsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Sindinadabwe nacho. Kwathu kwa Wimbe tinkalima fodya wa chikopa, uja woumitsa ndi utsi, ndipo aliyense wolowa m'balani kukasonkheza moto amatuluka akutsokomola. Chifuwa chotero chimatha fodya akapita kumsika. Changa sichinathe.

Pofika Ogasiti ndinayamba kuona timagazi m'makhololo. Sindinauze munthu. Mkazi wanga, Nabanda, anationa yekha pa mpango pochapa. Anati tipite kuchipatala. Ndinati dikirani ndikonze kaye nazale. Kumanja, pansi pa phewa, kunkandilasa ngati munthu wasiya msomali m'menemo. Lamba wa buluku ndinaboola bowo lina. Miyendo inayamba kutupa m'akakolo, ndipo nsonga za zala zinanenepa, zikhadabo n'kupindika.

Kuchipatala chaching'ono anandipatsa mankhwala akumwa a chifuwa ndi mapiritsi. Sizinathandize. Mu Okutobala Nabanda anandikweza basi ya ku boma. Masiku amenewo basi sunkakwera wopanda khadi la chipani. Anyamata oyang'ana makhadi anandiimika padzuwa ndikutsokomola mpaka Nabanda atamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa makhadi onse awiri.

Ku chipatala cha boma anandipatsa timabotolo tolavuliramo. Anayeza, osapeza kachilombo ka TB. Anandijambula ekisire. Panaoneka chimthunzi choyera kumtunda kwa phapo lakumanja. Dokotala anati kawirikawiri chotere chimakhala TB ngakhale makhololo asakuonetsa, ndiye tiyambe mankhwala tione. Sindimuimba mlandu. Anaona zimene ekisire imatha kuonetsa.

Anandigoneka mu wodi ya anthu a chifuwa. Moyo wa kumeneko ndi umodzimodzi tsiku lililonse. M'mawa jakisoni wa pathako. Kenako mapiritsi odzaza dzanja. Kenako phala. Lolemba sikelo. Anzanga a mabedi oyandikana ankakwera pa sikelo, ine ndinkatsika. Nabanda ankagona pansi kumalo a magadiyani, kuseri kwa chipatala, kumene ankaphikira pa mafuwa pamodzi ndi amayi ena odwazika. Ankandibweretsera chakudya katatu, n'kumandiyang'anitsitsa mpaka nditameza.

Tsiku lina chakudya anabwera nacho mlongo wanga Esinati, wondiponda pamutu, ali ndi mwana wake wamkulu Yohane. Yohane ndi munthu wamkulu wa banja lake, ndipo mwa mwambo wathu ndiye anali kudzatenga malo anga pa mbumba. Ndinafunsa kuti Nabanda ali kuti. Esinati anati, "Kwawo kwa Kaluluma kwagwa maliro, achimwene. Wanyamuka mothamanga." Ndiwo za tsiku limenelo zinalibe mchere. Za mawa lake chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti ndi mankhwala andiphera lilime.

Choonadi anandiuza namwino wina, mayi wachikulire wa ku Karonga, akundibaya jakisoni.

"Agogo, akazi anu sanapite kumaliro ayi. Anawathamangitsa achemwali anuwa. Anawatayira ndiwo pansi anthu onse akuona, ati anakusemphani. Ine ndinali pomwepo, ndikutunga madzi."

Kwa amene sadziwa: kwathu amakhulupirira kuti mkazi akagona ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amadwala tsempho. Amatsokomola magazi, amaonda, miyendo imatupa. Zonsezi ndinali nazo. Esinati anangowerenga zizindikiro n'kuyamba kufunafuna wolakwa.

Sanavutike kumupeza. M'mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho, pulezidenti ankayendera mbewu m'minda, ndipo amayi a m'dera lathu anatengedwa pa lole kukaphunzira magule ndi kukavina. Anakhalako sabata yathunthu, akugona m'makalasi a sukulu. Nabanda anapita chifukwa dzina lake linaitanidwa. Panalibe mkazi wokana, panalibe mwamuna woletsa. Esinati sanapite, anali ndi bala pamwendo. Ndiye anasoka nkhani yake: akuti Nabanda ankakhala kutsogolo kwa lole ndi dalaivala, akuti anabwera ndi sopo wonunkhira, akuti tsiku lomwe anafika anaphika nkhwani n'kuthira mchere ndi dzanja lake. Mayi wa zidzukulu, wa imvi, amene ndinamutenga chitengwa ali mtsikana n'kukhala naye pakati pa abale anga zaka zonsezo wopanda mlandu ngakhale wa nkhuku.

Kuchipatala kuja, Esinati ndi Yohane anauza Nabanda kuti aulule kuti apeze mankhwala ondichiritsa. Iye anati, "Ndiulule chiyani chimene sindinachite?" Yohane anati, "Ndiye amalume akafa, mwawapha ndinu." Anamulanda mapoto. Anamuletsa kulowa mu wodi, ati mthunzi wake undimaliza. Nabanda si munthu wolimbana pagulu. Anamanga kathumba kake n'kupita.

Esinati atabwera ndi Yohane masana amene namwino anandiuza zimenezi, ndinamuuza kuti achotse mbale yake. Anati, "Achimwene, ife tikukupulumutsani. Mwamuna amakhala womaliza kudziwa." Ndinafuna kudzuka. Chifuwa chinandigwira, magazi n'kutuluka. Iye analoza pa nsalu n'kunena kwa Yohane, "Waona? Tangokhudza nkhani yake." Kuyambira pamenepo ndinkadya za chipatala zokha, nyemba ndi mgaiwa wake.

Ndinagona pabedi paja ndikuwerengera. Imfa sindinkaiopa. Ndaika anthu ambiri m'manda. Chimene chinkandiwawa n'chakuti ndikafa, bodzalo likhala loona mpaka kalekale. Pa maliro anga omwe adzamuloza. Ana athu adzakhala ana a mkazi amene anapha mwamuna wake ndi mchere. Ndinalumbira kuti sindifa ndisanamve dzina lenileni la chinthu chimene chinali m'chifuwa mwanga.

Miyezi iwiri ya jakisoni itatha, anandijambulanso. Chimthunzi chija chinali chitakula. Ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko ndinadikira masabata angapo kuti dokotala wa zifuwa andione. Atandiona anagwira zala zanga, kuziyang'ana nthawi yaitali, kenako anaika ekisire pa galasi lowala.

"Bambo, iyi si TB. Ndikukayikira chotupa. Koma ekisire imangoonetsa mthunzi, ngati munthu waima kuseri kwa nsalu. Pali makina ena amene amaona m'kati bwinobwino. M'dziko muno mulibe."

Nabanda atamva zimenezi, sanangokhala kwa Kaluluma. Anapita ku positi ofesi n'kuimbira lamya mlongo wake Fanuwelo, amene anapita ku Harare kalekale ndipo ankayendetsa galimoto pa kampani ina. Fanuwelo anatenga tchuthi, nabwera. Anathamanga ndi za pasipoti ndi za madokotala kuti anditengere ku Harare, kumene kunali makinawo. Za ndalama sindilemba, chifukwa anakana kundiuza. Ndimangodziwa kuti mabwana ake ndi anzake a kutchalitchi anaikapo manja. Anangoti, "Alamu, inu pumani. Mukachira mudzandilimira mtedza."

Nabanda anabwera ku Lilongwe kudzanditsanzika. Anaonda kuposa ine. Sitinalankhule zambiri. Ndinati, "Ndamva zonse." Iye anati, "Kapoleni kaye." Abale anga sanabwere. Anatumiza mawu akuti kupita kunja n'kutaya nthawi, tsempho alibe jakisoni.

Njira ya ku Tete inali yoopsa chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, ndiye tinazungulira ku Mchinji, Chipata ndi Lusaka. Ulendowo sindiukumbuka bwino. Ndimakumbuka Fanuwelo akundigwira mutu pa zenera la basi.

Makinawo amawatcha CT sikani. Ndilongosola mmene zinakhalira, kuti wina asadzaope. Anandiuza kuti ndisadye m'mawa. Anandivula malaya n'kundiveka mkanjo wa chipatala. Chipinda chake n'chozizira kwambiri. Pakati pali chinthu chozungulira choboola pakati, chachikulu ngati tayala lakumbuyo la thirakitala, ndi kabedi kopapatiza kolowa m'bowolo. Anandigoneka chagada, manja pamwamba pa mutu. Anandibaya pamkono n'kulowetsa mankhwala oti mitsempha ioneke. Thupi lonse linatentha kanthawi kochepa, m'kamwa n'kumveka ngati ndanyambita ndalama yachitsulo. Kenako onse anatuluka, n'kumandiyang'ana pa zenera la galasi.

Ntchito yanga inali imodzi: kugwira mpweya mawu akalamula, n'kuutulutsa akalamulanso. Fanuwelo anali atandiphunzitsa mawu ake a Chingerezi dzulo lake. Kabedi kamasuntha pang'ono, makina n'kulira, n'kuima, n'kusunthanso. Chovuta chinali chifuwa. Munthu ukatsokomola chithunzi chimaonongeka. Pakhosi pankandiyabwa, misozi ikutuluka. Nthawi iliyonse imene chifuwa chinkakwera, ndinkaona nkhope ya Esinati akuloza magazi anga pa nsalu, ndipo ndinkachimeza. Sindinatsokomole mpaka anamaliza. Palibe chimene chinapweteka kupatula singano.

Patapita masiku ochepa dokotala anatiitana. Anali mwamuna wa Chishona, wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Fanuwelo ankamasulira pamene Chingerezi changa chinkaperewera. Anaika pa galasi pepala lakuda lalikulu lokhala ndi tizithunzi tambiri m'mizere. Anati makinawo amajambula chifuwa m'magawo, monga mmene mayi amadulira chinangwa mapisi, n'kuyang'ana chipisi chilichonse pachokha. Anandionetsa msana wanga, nthiti, mtima. Kenako analoza chinthu choyera m'phapo lakumanja, chachikulu ngati dzira la nkhanga, m'mphepete mwake muli timinga.

"Ichi ndicho chikukudwalitsani. Mwayi wanu ndi wakuti chili malo amodzi. Sindikuona kuti chafalikira pakati pa chifuwa kapena kuchiwindi."

Anati chithunzi chokha sichikwanira kutchula dzina. Anandilowetsa kachubu kudzera pakhosi n'kubudula kanyama kukayeza. Zimenezo zinali zowawa kuposa sikani. Zotsatira zitabwera anati ndi khansa ya m'mapapo. Anafunsa ngati ndimasuta. Ndinati chingambwe, kuyambira ndili mnyamata, kuwonjezera utsi wa m'balani chaka ndi chaka. Anangogwedeza mutu.

Fanuwelo anafunsa ngati ndingachire. Ine ndinali ndi funso langa.

"Adokotala, chinthu ichi chinayamba liti?"

"Tsiku sindingalitchule. Koma kuti chifike msinkhu uwu, chakhala chikukula mwakachetechete nthawi yaitali musanayambe kutsokomola. Zaka, osati miyezi."

"Febuluwale wa chaka chatha chinalimo kale?"

"Chinalimo."

"Mchere ungachiyambitse? Mkazi angachiike mwa mwamuna wake?"

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Fanuwelo anamufotokozera. Dokotalayo anati, "Kwathunso zoterezi ziliko. Akazi anu alibe mlandu. Mukafuna wolakwa, ali m'thumba la malaya anu." Ndinatulutsa kachikwama ka fodya n'kukasiya pa tebulo lake. Sindinasutenso. Ndinapempha kuti pepala la zithunzi lija adzandipatse pobwerera. Anavomera.

Opareshoni inachitika mu Malichi. Anachotsa gawo lakumtunda la phapo lakumanja. Ndinadzuka ndili ndi machubu awiri m'nthiti, opita m'botolo pansi pa bedi. Kupuma kunali ngati kukoka ngolo. Kunkabwera mayi wina m'mawa uliwonse kudzandikakamiza kutsokomola nditakumbatira pilo, ndi kuuzira m'botolo la madzi. Ndinkamuda. Anandithandiza. Machubu atachotsedwa ndinayamba kuyenda m'khonde, kenako panja. Mkazi wa Fanuwelo anandisamala kunyumba kwawo mpaka bala litauma. Miyendo inaphwa. Magazi sanaonekenso.

Ndinabwerera kumudzi kumayambiriro kwa Meyi. Ndinatsikira kwa Kaluluma. Ndinapeza Nabanda akukumba mtedza m'munda wa mng'ono wake. Ndinatulutsa pepala lija kuti ndimuonetse. Sanaliyang'ane.

"Ine ndinkadziwa kale kuti ndilibe mlandu, a Phiri. Kaonetseni amene sankadziwa."

Ndinamuuza kuti tipitire limodzi kwathu. Anati, "Kumene ananditayira ndiwo pansi ndi kuchipatala. Koma amene anaseka nkhaniyo itafika ndi a m'mudzi mwanu, amayi amene ndinawachiritsa pobereka. Kumeneko phazi langa silipondanso." Sindinamunyengerere. Ananena zoona.

Ndinapita ndekha kwa Wimbe. Ndinapeza Yohane atalowa kale m'munda mwanga. Anali atabzalamo fodya wake, poganiza kuti mwini wake abwera m'bokosi. Fodyayo anali wabwino, sindinama. Masamba apansi anali atathyoledwa, atasokedwa, atapachikidwa m'balani mwanga. Balaniyo ndinamanga ndi manja anga, ya njerwa, ndipo mbumba yonse inkafukizira m'menemo.

Ndinaitanitsa abale onse ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Tinakhala pabwalo la nyumba yanga dzuwa lili pamutu. Ndinavula malaya n'kutembenuka kuti aone chipsera, chochokera pansi pa phewa mpaka kutsogolo. Kenako ndinakweza pepala lija kudzuwa n'kuitana Esinati.

"Bwera pano. Yang'ana. Ukuona choyera ichi? Dzina lake ndi khansa. Chinamera ndi fodya, zaka zambiri lole ija isanabwere. Tsopano loza pamene pali mchere."

"Achimwene, ine zithunzi za azungu sindizidziwa."

"Za dalaivala unazidziwa bwanji uli gone ndi bala pamwendo?"

Anthu ena anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Esinati anayamba kulira. Anati anamva kwa anthu. Ndinati atchule anthuwo. Sanatchule. Anati ankaopa kuti mlongo wake afa. Ndinati, "Unkaopa kuti ndifa, n'kuthamangitsa munthu yekhayo amene ankandidyetsa."

Yohane anagwada. "Amalume, zinachitika ndi mantha. Mwachira, tithokoze Mulungu. Amayi apita kukapepesa, mbuzi tipereka. Zithere pompa."

"Iwe unauza mkazi wanga kuti ndikafa wandipha ndiye. Sindinafe. Ndiye nena pano, anthu akumva, amene wandichiritsa ndi a kwa yani."

Anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ndi a kwa azakhali."

"Kweza mawu. Phapo langa ndi lochepa koma makutu ndi athunthu."

Anabwereza mokweza.

Ankhoswe anayamba kukamba za kukhululukirana. Ndinawalola amalize. Kenako ndinawauza zimene ndinali nditakonza ndili pabedi ku Harare. Ndinati munda ndi wa mbumba, sindingaunyamule, autenge. Koma nyumba ndi balani ndi thukuta langa ndi la Nabanda. Ndinapatsa Yohane tsiku limenelo ndi lotsatira kuti atulutse fodya wake. Anati, "Amalume, fodya ali pakati pa utsi. Ndikamutulutsa pano aola. Wina ali m'munda wapsa kale. Dikirani mwezi umodzi wokha." Ndinati, "Nabanda munamupatsa masiku angati?"

Ndinalemba ganyu amuna a mudzi wina. Anasasula malata a nyumba, anachotsa zitseko ndi mafelemu, anagwetsa balani n'kusankha njerwa zabwino. Ine ndinakhala pa mpando patali, chifukwa dokotala anandiletsa fumbi ndi utsi. Ndinaonerera zonse. Yohane anayala fodya wake pansi pa mitengo, namanga kachisakasa ka udzu mothamanga. Wambiri anachita nkhungu. Kumsika anamubweza. Ndinamva, ndipo sindinamve chisoni.

Katundu anapita kwa Kaluluma pa ngolo. Ine, mwini mbumba, mwamuna wa imvi, ndinakakhala chikamwini kwa mkazi wanga. Ena anati ndadzichotsa ulemu. Ulemu wanga ndimaudziwa ndekha. Abale a Nabanda anatipatsa malo, tinamanga nyumba ndi njerwa za balani ija.

Esinati anabwera kudzapepesa dzinja lotsatira. Nabanda anamulandira, anamuphikira, anamuperekeza. Nkhani ya iwo awiri ndi yawo. Ine ndinakhala kuseri kwa nyumba mpaka atapita. Yohane amatumiza anthu pakagwa mlandu wa malire kapena wa ukwati, kuti amalume abwere adzaweruze. Ndimawauza kuti ali ndi mayi wodziwa kupeza wolakwa, amufunse iyeyo.

Tsopano padutsa zaka ziwiri chichitikire opareshoni. Ndimapita ku Lilongwe kukajambulitsa ekisire monga anandilamulira, ndipo mpaka pano sanapeze kanthu. Anandiuza poyera kuti matendawa amatha kubwerera. Ndikudziwa. Pokwera chitunda ndimaima kaye kupuma. Nyengo yozizira chipsera chimakoka. Ndimalima mtedza ndi chimanga pang'ono. Fodya sindilima, sindisuta, ndipo munthu sasuta pakhomo panga.

Kwa alimi anzanga a fodya ndikuti: chifuwa chikapitirira nyengo yofukiza, pitani kuchipatala. Mukaona magazi, pitani tsiku lomwelo, nazale idikire. Mukamwa mankhwala a TB osasintha, bwererani mukanene, musachite manyazi kufunsa ngati pali kuyeza kwina. Ine ndinapulumuka chifukwa chotupa chinapezeka chisanafalikire, ndipo dokotala anati ambiri amafika mochedwa. Pitani msanga, matenda apatsidwe dzina lake achibale asanawapatse dzina la munthu.

Ana anga ndawauza kale, pamaso pa ankhoswe. Tsiku langa likadzafika, a kwa Wimbe adzabwera ndi ngolo kudzatenga mtembo, poti mwini mbumba amagona pakati pa makolo ake. Adzawapatse madzi akumwa, adzawalole alire. Koma manda anga adzakumbe kuno, kwa a Banda, ndipo pambali pake adzasiye malo a Nabanda.